Mchere wa M'kapulana

Tsiku lina la msika ku Milange ndinaona azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, atayedzeka njinga zawo pakhoma la sitolo. Njinga zake zonyezimira, zikwama zili lendelende uku ndi uku ngati mabere a mbuzi. Mayi wogulitsa nthochi anandiuza kuti akupita kunyanja yamchere, ndipo m'njira azigona patchire m'kanyumba kansalu. Ndinafunsa ngati kwawoko kwagwa nkhondo. Anaseka, amvekere ayi agogo, n'kusangalala chabe. Ine sindinaseke. Ulendo umenewo ndinauyenda, patchire ndinagona, nyanjayo ndinaimwa, ndipo mpaka lero ndikamathira mchere m'ndiwo dzanja limayamba laima kaye.

Munali m'kati mwa nkhondo, asilikali a m'tchire atalanda dera lathu la ku Majaua. Chaka musandifunse, ine zaka ndimawerengera ana: wachitatu anali atangosiya bere. Sopo anatha, tinazolowera. Nsalu zinatha, ena anavala makungwa a mitengo, tinazolowera. Koma mchere ukatha thupi silizolowera. Tinkawotcha zitsononkho ndi udzu wa m'dambo, n'kusefa phulusa lake, madziwo n'kumathira m'ndiwo. Zowawa, zokanda kukhosi, zongonamiza lilime.

Amayi anga anazikana. Anali okalamba, mano atatha, koma pakamwa pali pakuthwa ndithu. Akalawa kamodzi ankakankha mbale.

"Kukamwa kwanga kwafa, mwanawe. Undipezere mchere, ndidyeko ngati munthu."

Mwezi ndi mwezi ankachepa, mpaka ndinkawanyamula ndekha kukawaika padzuwa ngati mtolo wa mapesi.

Wina anena kuti bwanji osangowoloka mtsinje wa Ruo, poti ku Malawi mchere unali mbwee m'magolosale. Wonena choncho sanakhaleko. M'njira za kumtsinje anakwiriramo mabomba, ndipo wowoloka ankatchedwa wothawa, otsala pakhomo pake ndiwo ankaona zakuda. Koma cha kumunsi, kolowera kunyanja, ankalola. Ukapereka nkhuku ankakulembera kapepala kotchedwa giya, koonetsa kwa a mfuti m'njira.

Amuna anga anali ndi njinga imene anagula akugwira ntchito kumunda wa tiyi, nkhondo isanafike. Anaibisa zidutswazidutswa. Thupi lake anakwirira pansi pa khola la nkhumba, mawilo anawalowetsa m'udzu wa denga la nkhokwe, tcheni chinagona mumphika wa mafuta a nsatsi. Tsiku lina anazifukula zonse. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana, choncho anakaima kuseri kwa nyumba ya amayi n'kumalankhula ndi khoma.

"Apongozi, ndikupita kunyanja."

"Mukatani kunyanja, bambo? Mumadziwa kusambira?"

"Ndikakutengereni mchere."

Mawu a amayi anatuluka m'nyumbamo: "Ndiye mupite ndi mkazi wanuyo. Inu nokha akakugulitsani mchenga."

Ankanena zoseka, koma zinali zanzeru. Mwamuna woyenda yekha ankagwidwa kuti akasenze katundu wa nkhondo, pamene woyenda ndi mkazi ankaoneka ngati wopita kumaliro. Ana tinasiyira mng'ono wanga. Tinatenga fodya wopota ndi nyemba zokasinthira mchere, ufa wa chinangwa, kamphika, chipanda cha madzi, ndi makapulana awiri, nsalu zokhazo zimene zinanditsalira.

Machubu anali ataola kalekale. Tinkapota udzu wofewa wouma ngati nkhata yaitali, n'kuuphatikira m'tayala mothinitsa, kunja n'kumanga ndi luzi. Udzu wotere umayenda masiku awiri basi, ukatero wasanduka fumbi. Uyenera kuchotsa mawilo, kukhutula, kuika wina. Belu anachotsa. Njingayo inkagunda mwala uliwonse ngati ili nawo chifukwa, ndipo ine wa pakaliyala ndinkamva mwala uliwonse mpaka m'mano.

Tinayenda masiku asanu ndi limodzi. Potsetsereka tinkakwera, pachitunda tonse pansi kukankha. Tinadutsa midzi yopsa, mango akuchita maluwa pabwalo popanda wowayang'ana. Pogona tinkagadamiza njinga, mawilo m'mwamba, kapulana n'kumanga kuchokera kumawilo kukafika pachitsamba, nyumba yatha. Kuphika kunali kwa masana okha, m'kadzenje, ndi nkhuni zouma zosafuka. Ndipo tinaphunzira lamulo limodzi: pamthunzi wabwino, pafupi ndi chitsime, pamene munthu wanzeru angakonde kugona, a mfuti amapakondanso. Kuti ukhale ndi moyo, ugone pamene munthu wanzeru sangagone. Lamulo limenelo linatisunga masiku asanu.

Tsiku lachinayi ndinacheuka, mapiri kulibe. Chibadwire ndinali ndisanaonepo thambo litatsika mpaka pansi popanda phiri loligwira. Mtima unachita ngati ndatuluka m'nyumba osavala.

Titadutsa mitengo ya koko, imene ena amati kokonati, tinafika pamalo amene sindidziwa dzina lake m'chilankhulo chathu. Chipululu chosalala, choyera mbee, chopanda ngakhale kaudzu, dothi lake long'aluka ndi louma gwa ngati pabwalo lopunthira mapira. Kutali uko kunali mitengo yoima pamizu ngati yanyamula miyendo, ndipo kuseri kwake chinachake chinkalira huu, huu, osapuma. Anati ndiyo nyanjayo. Amayi a kumeneko ankapala dothi loyeralo ndi zigoba, kulisefa ndi madzi m'madengu, n'kuwiritsa pazidutswa za migolo mpaka mchere utatsala. Ankalankhula Chichuwabo, ine ndi Chilomwe cha kwa abambo anga, tinkakumana pakati.

Panali mayi wina wachikulire amene atanunkhiza fodya wathu anatsinzina ngati akupemphera. Ameneyo anatisinthira matumba awiri oluka ndi mlaza, odzaza mpaka pakamwa. Ndinapisa chala n'kunyambita, ndinapisanso, mpaka amuna anga anandigwira dzanja.

"Mayi, muwasiyireko apongozi."

Mayi wachikulire uja anatiuza kuti tikagone kumudzi kwawo, m'mitengo ya koko. Tinakana. Kumeneko kunkafika asilikali a boma, ndipo ife tinali ndi giya ya adani awo, itapindidwa m'kati mwa chitsulo cha handulo. Ndinaloza pakati pa chipululu chija, pamene panali kagulu ka mitengo yoima pamizu. Pamenepo aliyense wobwera ukanamuona akadali kutali.

Mayi uja anapukusa mutu. "Pamenepo ayi, mwana wanga. Mwezi wakhwima, lero madzi abwera."

Ndinayang'ana kumwamba. Inali nyengo yotentha, mvula ikadali kutali, kumwamba kuli ngwee popanda kamtambo.

"Madzi achokera kuti, amayi? Mvula yagwa kuti?"

"Safuna mvula amenewa. Amabwera okha, amabwerera okha."

Amuna anga anandikodola. "Mayi, mwina timvere eni dziko."

"Bambo, munaonapo Ruo atadzaza popanda mitambo paphiri? Kuno ndi phiri lomwe kulibe. Akufuna tikagone kwawo kuti mawa tidzuke njinga itamera miyendo."

Anandimvera. Pa zaka zonse za ukwati wathu munthu ameneyo sankandimvera kawirikawiri, koma tsiku limenelo anamvera.

Tinakankha njinga mpaka pamitengo paja, tinatsitsa matumba. Udzu wa m'matayala unali utatha, ndipo pachipululupo panalibe udzu, choncho anachotsa mawilo onse awiri, nawakoleka paphewa, napita kumtunda kuseri kwa mitengo ya koko kuti akawadzaze komweko. Ine ndinamanga kapulana pamizu, n'kugona pamthunzi, mutu nditatsamira thumba la mchere. Ndinali wokondwa. Ndinkaganiza za nkhwani wothira nsinjiro.

Dzuwa litapendeka ndinamva kunyowa kuchidendene. Madzi. Ochepa ngati malovu, ofunda, a thovu m'mphepete, akukwawa opanda phokoso. Nkhanu zinali zitatuluka m'maenje zikuthamanga ponseponse. Madziwo sanachokere kutsogolo kumene nyanja inkalira, anachokera kumbuyo, m'timifuleni ta pakati pa mitengo, ndipo pamene ndinkaimirira anali atandizungulira kale. Kumwamba kunali ngweebe. Ndinayang'ana kumwambako kawiri, ngati chitsiru.

Dothi louma gwa lija linasanduka phala. Panalibe wonditwika. Ndinakokera thumba limodzi pathupi la njinga, n'kugwada, n'kulikankhira pamutu. Ndinayenda, phazi lililonse ndikuchita kulizula. Madzi anafika m'mawondo. Kenaka pansi panangosowa, ndinagwera m'ngalande imene masana inali youma ndipo ndinaidumpha osaiganizira. Ndinamwa madzi owawa, ndinatuluka, ndinafufuza thumba ndi mapazi mpaka ndinalipeza. Ndinalikumbatira n'kumalikoka. Mlaza sutsekereza madzi. Ndinkalimva likupepuka m'manja mwanga, pang'onopang'ono, monga mmene amayi ankapepukira ndikamawanyamula.

Amuna anga anabwera akuthamanga, ataponya mawilo pamtunda. Anandikokera pouma, thumba langa lili lopanda kanthu, n'kubwerera, madzi ali m'chiuno, munthu wosadziwa kusambira. Thumba lachiwiri analipeza litafewa kale, polinyamula linakhutuka. Anabwerako ndi thupi la njinga pamutu, kamphika ndi kapulana uja atazikoleka m'khosi. Mpaka tsiku la imfa yawo sananene kuti ndinakuuza.

M'mawa mwake madzi anali atabwerera okha, monga anatiuzira. Thumba lachiwiri lija linali lende pamuzu, m'kati muli nkhanu.

Mayi wa fodya uja sanatiseke, bola akanaseka. Anati dothi lisanaume sangapale wina, ndipo ife tinalibenso chosinthira, ufa nawonso unali utapita. Anatipatsa chinangwa chouma ndi mchere wodzaza chigoba chimodzi cha koko. Mchere umenewo anatilanda wa mfuti wina pa tsiku lachitatu tikubwerera. Anaukhutulira m'chipewa chake, chigoba n'kutibwezera. Tcheni nacho chinafiira ndi madzi a m'nyanja, chinauma gwa. Njinga tinachita kuikankha mpaka kwathu, ndipo sinakweredwenso.

Koma tsiku lachiwiri la ulendo wobwerera, ndikumanga katundu, ndinaluma nsonga ya kapulana kuti ndimasule mfundo. Mchere. Nsaluyo inali itauma ngati chikopa, ili ndi mizeremizere yoyera. Ndinavula ndi winayo amene ndinagwa naye m'madzi, ndinawapinda onse n'kuwaphatikira mumphika, ine n'kuvala thumba la mlaza. Linandicheka m'chiuno mpaka magazi, koma a mfuti sasamala za nsalu yakuda ya mkazi.

Titafika ndinaviika makapulanawo m'madzi pang'ono, ndinafinya, ndinasefa, n'kuwiritsa paphale. Panatsala kaufa kotuwa kongodzaza pakati pa chikhatho. Ndinaphika nkhwani. Amayi analawa, kenaka anadya zonse mpaka kupukuta mbale ndi chala.

"Matumba angati?"

"Awiri, amayi."

"Mwaika kuti?"

"Tabisa."

Anaitana kukhoma: "Bambo! Mwandichitira ngati mwana wobala ndekha." Amuna anga anali panja pomwepo. Anangotsokomola.

Bwanji sindinanene zoona tsiku lomwelo? Anali atadya, anthu inu. Koyamba pa miyezi yambiri anali atadya. Ndiponso ndikanayamba bwanji kunena kuti eni dziko anandichenjeza, ine n'kuwayesa akuba?

Kamchereko ndinkatapa ndi zala ziwiri, kanakwana masiku asanu. Amayi anayamba kukhala tsonga okha, mpaka anafunsa za nkhuku zawo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinathira madzi a phulusa. Analawa, anakankha mbale.

"Matumba awiri ndatha ine ndekha?"

Ndinati mawa. Mawa lake ndinatinso mawa. Anauza mng'ono wanga, anauza aliyense wodzawazonda, kuti mwana wanga mchere akusungira maliro anga, kuti odzalira adzadye bwino. Nditaona kuti zafika poipa ndinagwada pamphasa pawo n'kufotokoza zonse: chipululu choyera, mawilo, nkhanu, madzi okwawa kuchokera kumbuyo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kunagwa mvula?"

"Ayi, amayi."

"Kuphiri kunali mitambo?"

"Kulibe phiri kumeneko."

Anaseka, kaseko kouma kotsokomola. "Madzi obwera opanda mvula! Mwanawe, uli wamng'ono unkanama bwino kuposa pamenepa."

Ndinaitana amuna anga kuti achitire umboni kuseri kwa khoma. Amayi anati mwamuna ndi mkazi amafunda nsalu imodzi, bodza lawo limakhalanso limodzi. Anatembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo phala ankalandira kwa mng'ono wanga yekha, ndipo mvula yoyamba sanaione.

Pa tsiku la maliro, amayi ophika anatuma mmodzi wa iwo kudzandinong'oneza pamene ndinakhala. Anati malemu apita, palibenso chosungira, tulutsani tsopano mchere uja anthu adye. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga thumba la mlaza limene ndinavala pobwerera, n'kumupatsa. Analitembenuza, analikutumula, anandiyang'ana.

"Nanga linalo?"