Mgaiwa wa a Yunike

Ku Ligowe konse, ukatchula ufa woyera ndiye kuti watchula a Yunike. Mayi amenewa ankakonola, kupeta, kuviika mphale ndi kuitsuka, mpaka ufa wawo pamphasa kuti mbee! Pakagwa ukwati, amayi anzawo ankati, "Mphale ikadzere kwa a Yunike." Ulemu wawo wonse unali pamenepo.

Chaka chimene othawa nkhondo anayamba kudzaza ku Luwani, a Gerishon, amuna a mayi Yunike, anayamba kuwonda. Ludzu losatha, ndipo pamene ataya madzi nyerere zinkaunjikana. Kuchipatala cha pa Boma anawapeza ndi matenda a shuga. A Malizani, dokotala amene anawapatsa mapiritsi, anatembenukira kwa a Yunike.

"Mayi, kodi gaga mumatani naye?"

"Ndi wa nkhuku, nanga n'kudya munthu?"

"Ndiye nkhuku zanuzo zikudya bwino kuposa bambowa. M'gagamo muli timichere tofunika m'thupi, kena timakatcha kromiyamu. Si mankhwala ayi, mapiritsi asasiye. Koma shuga wa m'tiyi aleke, ndipo nsima izikhala ya mgaiwa."

Mgaiwa, chakudya cha akaidi! A Yunike analira njira yonse, osadziwa ngati akulirira mwamuna kapena dzina lawo. Koma m'mawa mwake anasenza chimanga chosakonola, ulendo wa kuchigayo, mudzi wonse ukuwaperekeza ndi maso.

Pakamwa pa anthu, abale inu! "Ulesi wawagwira a Yunike." "Akudyetsa mwamuna gaga ngati nkhumba, eti?" Kumaukwati anasiya kuwaitana. Zinawapweteka zedi. Anangowonjezera nyemba ndi chisoso, ndipo mgaiwawo ankadya nawo mbale imodzi kuti bambowo asaone ngati chilango.

A Gerishon sanachire, koma sanafenso. Anabwerera kumunda wawo wa mbatatesi, zaka n'kumapita, mpaka mwana wawo Stelia anakula n'kupeza banja. Paukwatipo wina anawaikira a Gerishon nsima yoyera. Iwo anaikankhira pambali, n'kuimirira.

"Ndipatseni ya kwathu ija. Inu munkaseka mgaiwa, ine ndi uyu, ndaona ukwati wa mwana wanga. Mayi awa anataya dzina lawo kuti ine ndisatayike. Zikomo, amake Stelia, zikomo kwambiri."

Amayi oseka aja anangoyang'ana pansi. A Yunike anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Khalani pansi inu, mungagwe," anatero. "Mukathokozenso nkhuku zija munazilanda chakudya."

Ndipo anapita okha kukawatengera mbale yawo ya mgaiwa.