Utsi wa Ndege ku Kaomba

Kwathu ku Kaomba ndege timaiona ngati kadontho kumwamba, koma ine ndinasankha kuphunzira za utsi wake ndi mmene umadwalitsira anthu. Bambo ankangouza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo wamkazi ali ku za ndege, osawonjezerapo kanthu, kuti aliyense aziganiza kuti ndimaiyendetsa.

Kuti ndimalize digiri yachiwiri, ndinafunika kuyerekeza mpweya wa pabwalo la ndege ndi mpweya wabwino wa kumudzi. Ndinapita kwathu ndi kamakina koyezera, kofanana ndi wailesi, ndikukamangirira pamtengo kuseri kwa nyumba. Kankatumiza kokha zotsatira zake kuyunivesite. Ndinawauza bambo kuti asakakhudze, iwo n'kuvomera mwaulemu wonse.

Zotsatira zitayamba kufika, apulofesa ondiyang'anira anandifunsa ngati kwathu kuli bwalo la ndege lobisika. Mpweya wa ku Kaomba unali woipa kuposa wa pamene ndege zimanyamukira. Anati ndikapanda kupeza chifukwa chake, kafukufuku yense wagwa, ndiyambirenso. Ndinakwera basi yopita kwathu ndili ndi mantha ndi ukali womwe.

Pamtengo paja panalibe kanthu. Kamakinako ndinakapeza kubalani, katapachikidwa pamsomali pafupi ndi ng'anjo, pomwe bambo amakhala akusonkhezera moto nyengo yowotcha fodya. Anali atakaveka chipewa chawo chamlaza.

"Bambo, ndinati chiyani ine?"

"Unati ndisakakhudze. Koma mwanawe, chinthu cha kusukulu chizikhala panja chokha ngati mbuzi ya mwini? Kwathu kuno katundu wa mlendo amakhala pamene pali mwini nyumba."

Ndinakalipa, sindinama. Ndinawafotokozera za tizidutswa ta utsi tolowa m'mapapo, ndi kuti manambala awo aposa a ndege. Anamvetsera monyadira ngati ndikuwauza kuti fodya wawo wapambana ku okushoni. Kenako anakhosomola nthawi yaitali atagwira bondo, chifuwa chomwe tonse tinachizolowera mpaka kusiya kuchimva. Ukali unandithera pomwepo, ndinamva chisoni. Kamakinako sikanalakwitse, kanangoyeza zimene iwo amapuma.

Ndinawauza kuti mwina apulofesa angalole ndisinthe mutu, ndilembe za utsi wa mabalani.

Anapukuta m'maso, n'kuponya chikuni china m'ng'anjo.

"Ndiye ukawauze kuti digiriyo ndi yanga," anatero, "poti utsiwo wapuma ndine."