Ba Regina Anachotsa Makwerero

Ba Regina Zulu a ku Chelstone akhala akugulitsa madzi oundana kwa zaka khumi, ndipo filiji ikazima, malonda amasungunuka. Ine sindinama, ndimakhala nawo pafupi ndipo ndinaona ndi maso angawa.

Anthu a sola anawaikira mapanelo padenga, pamthunzi penipeni pa mtengo wa kotapeya, filiji osalira. Ba Regina atawaitananso, anabwera awiri, nakwera padenga, nati, "Amayi, dulani mtengowu."

Ba Regina anangonyamula makwerero n'kukabisa kukhitchini.

"Ana anga, mutsika mapanelo akaona dzuwa!"

Msewu wonse unaseka, ngakhale ine wosaseka wamba. Pofika masana, awiri aja anali atasunthira mapanelo padzuwa. Filiji italira, ba Regina anabweza makwerero akuvina chitelele, mtengo wawo uli chilili.