Ndinatamba Mufilimu

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchule onse, kuti wina asadzanene kuti mkulu uja akuwonjezera. Ndinalipo ine mwini nyumba. Analipo mayi a kunyumba. Analipo mwana wanga woyamba, amene amayendetsa minibasi, kuno timati kombi, yopita ku Harare, ndi mkazi wake, ndi mwana wawo, mdzukulu wanga, mtsikana wamkulu kale amene amaluka anthu tsitsi pamsika wa Huruyadzo. Analipo alamu anga, akulu awo a mayi a kunyumba, amene anali atangofika kuchokera ku Ntcheu kudzaona m'bale wawo, ndipo Chishona sankamva ngakhale moni. Womaliza anali mnzanga wa nyumba yoyandikana ndi yathu, Mshona, munthu amene takhala tikubwerekana fosholo kuyambira tonse tili ndi tsitsi lakuda.

Linali Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi. Magetsi anali atayaka, ndiye kanema anali wotsegula ngakhale panalibe womuyang'ana. Tinkamwa tiyi. Mnzanga uja anabwera nkhope ili yakugwa, chifukwa kamdzukulu kake kanali kakudwala m'mimba kwa nthawi ndithu. Kamwana kameneka kanazolowera kwathu, kankadya m'mbale yanga. Tinamukhazika kuti aiwaleko pang'ono.

Nkhani ya mafilimu anaiyamba ndi mpongozi wanga.

“Amayi, ija ya ku Nigeria, ya mkazi wachiwiri, muione. Ine ndinalira mpaka ndiwo zinapserera.”

“Ohoo,” anatero mwamuna wake. “Ndiye chifukwa chake tinadyera makala tsiku lija?”

Mdzukulu wanga anati zabwino ndi za ku Korea. Bambo wake anamuseka kuti mmenemo muli amuna osalala ngati sopo, ongoyang'anana ndi akazi mpaka filimu kutha, popanda woponya ngakhale khofi limodzi. Mnzanga naye anamwetulirako, nati zonsezo n'zachibwana, filimu yeniyeni inali ya azungu a pamahatchi imene tinkaonera muholo tili anyamata, ya mfuti zosatha zipolopolo.

Ine ndinawasiya alankhule. Ndinali ndi yanga pamtima, ndipo ndinkadikira kuti aliyense atulutse kaye zake. Mawu anga ndi aakulu, zimenezo ndinabadwa nazo. Kufakitale ndinkaitana munthu makina akulira, iye n'kutembenuka. Choncho nditakhosomola, onse anatembenukira kwa ine.

“Nonsenu ndinu oonerera chabe,” ndinatero. “Mumaonerera za eni. Ine ndinatamba!”

Kapu ya alamu anga inagwera pasimenti.

“Alamu, mwati chiyani?”

“Ndati ndinatamba, alamu! Masanasana, pageti pomwepo, anthu akuona. Ndipo anandiwombera m'manja.”

Mayi wachikulire uja anayang'ana mng'ono wake. “Iwe, zaka zonsezi ukukhala ndi munthu wotamba, osatiuza?”

Mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira nthiti. Anawafotokozera kuti kuno kutamba, m'Chishona, ndi kusewera, kuvina, kapena kuchita sewero. Si kutamba kwa kumudzi kuja, kwa afiti oyenda usiku. Ine ndinabadwira pafamu kuno ku Zimbabwe, bambo anga anachokera ku Dedza wapansi, ndipo mawu onse awiri ndimawadziwa. Koma lilime likakhalitsa pakati pa eni dziko limatola zawo, iwe osadziwa. Tinaseka tonse, ine koposa. Alamu okha ndi amene sanaseke. Anangotola zidutswa za kapu, nati mawu ena si oseweretsa pakamwa.

Mmene zinayendera n'chonchi. Miyezi ingapo m'mbuyomo, anyamata ena ovala bwino anandipeza nditakhala pageti. Anali ndi kamera. Anati amva kuti m'dera lonse lino palibe wa mawu ngati ine, ndipo akufuna munthu wolankhula Chichewa chenicheni. “Sekuru, huyai mutambe,” anatero, ndiye kuti agogo, bwerani mudzachite sewero. Ndinafunsa kuti ndinene chiyani. Anati chilichonse, bola mokweza, ndodo itakwezedwa m'mwamba. Ndiye ndinaima pageti panga n'kufuula mmene ndinkaitanira ana kale chakudya chikapsa: “Ana inu, bwerani! Bwerani msanga! Lero kuli nyama! Wochedwa apeza mafupa!” Anandiuza ndibwereze, kenako ndiseke. Ndinaseka. Anathokoza n'kumapita. Filimuyo sindinaione, koma ndinali nditauza kale anthu a kutchalitchi ndi a pamsika kuti aifunefune m'mafoni mwawo, ndi yabwino kuposa zonse.

“Iwe,” ndinauza mdzukulu wanga, “ipeze pafoni yakoyo, uiike pakanema. Aone agogo ako.”

Mtsikanayo anayang'ana pansi. “Sekuru, siyai,” anatero. Ndiye kuti zisiyeni.

“Ndisiye chiyani? Waiona kale?”

Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya ana a masiku ano, safuna kuti nkhalamba itchuke. Ndinamukalipira mpaka anaiika.

Inayamba ndi maliro. Kabokosi kakang'ono, amayi akudzigwetsa pansi. Ndinati dikirani, ine ndili kutsogolo. Kenako kunada. Ine anandijambula dzuwa lili pamutu, koma mufilimumo anadetsa zonse, kukhala ngati pakati pa usiku. Ndinaona geti langa. Ndinaona mtengo wanga wa mapeyala, ndi nambala ya nyumba yanga imene ndinalemba ndekha ndi penti yoyera. Ndipo panatulukira munthu. Maso anamufiiritsa ngati makala a moto. Ndodo m'mwamba. Mawu anali anga, koma anawakokera pansi, akumveka ngati akuchokera m'chitsime.

“Ana inu, bwerani! Lero kuli nyama!”

Ndipo anaonetsa tiana tikudzuka pamphasa, maso otseka, tikuyenda kulunjika pageti panga. Kenako kuseka kuja.

M'munsi mwa kanema munkadutsa malemba. Ine sukulu ndinalekezera panjira, kuwerenga ndimachita kugwira chilembo chimodzichimodzi, ndipo malembawo ankathamanga. Ndinafunsa kuti akuti chiyani. Onse maso anali pakanema. Ndinafunsanso. Koma liwu limodzi linabwera kawirikawiri mpaka ndinaligwira ndekha: muroyi. Mfiti.

Alamu anali atagwira pakamwa. Mnzanga uja anaika kapu yake pansi bwinobwino, tiyi asanathe. Anaimirira, natsanzika mwaulemu kwambiri, ulemu umene sitinachitiranepo chiyambire. Sanandiyang'ane. Ndinamva geti lathu likutsekeka, kenako lake.

Apo m'pamene zinthu zinayamba kubwerera m'mutu mwanga, chimodzi pambuyo pa chinzake. Mayi wogulitsa tomato pa Huruyadzo, amene masiku amenewo ankaika tomato wanga pathebulo m'malo mondipatsa m'manja. Ana a sukulu amene ankati akandiona n'kuwolokera mbali ina ya msewu, akuloza. Mnyamata woitanira anthu pakombi amene anafuula kuti mudhara, mdala wa mufilimu uja, ndi uyu, anthu onse n'kutembenuka, ndipo mpando wa pambali panga unakhala wopanda munthu mpaka kutauni. Ine ndinkati ndi ulemu. Ndinkati ndatchuka. Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, ndikugwedeza ndodo yomweyo.

Amene sanakulire kuno sangamve mantha amenewa. Ife a Chimalawi, ngakhale tinabadwira konkuno, ngakhale tiimbe kwaya mpaka mawu kusasa, pali anthu amene mumtima mwawo amati tili ndi mankhwala. Amanena moseka pamowa, koma mwana akadwala kuseka kumatha. Ndili mwana pafamu ndinaona nkhalamba ina ya kwathu itatulutsidwa m'komboni chifukwa cha mphekesera yotere. Katundu wake anamuponyera pamsewu, mphika ukugubuduka. Palibe anamumenya. Anangosiya kumuyankha moni, kenako anamuuza kuti apite kwawo. Kwawo kuti? Anzathu eni dziko zikavuta mutauni ali ndi kumudzi kothawira. Ine mudzi wanga ndi nyumba imeneyi ya ku Zengeza 1, ndi manda a bambo anga amene ali pafamu ya eni.

Ndinaimirira. Ndinati ndituluka, ndikaima pamsewu, ndikauza mzere wonse kuti zija n'zabodza, ndinkaitana ana anga kudzadya basi. Ndinafika pakhomo n'kutsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Ine amene ndimayambitsa nyimbo pamaliro popanda chokuzira mawu, ndinatsekanso pakamwa. Ndinaganiza kuti ndikafuula pageti pomwe paja, ndi mawu omwe aja, ndiye kuti ndawaonetsa filimu ija kachiwiri.

Pomwepo chinthu chinagunda padenga. Phuu! Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Ndinati ayamba, anthu ayamba kugenda nyumba yanga. Mayi a kunyumba anasuzumira panja nati ndi peyala lagwa mumtengo. Palibe anaseka.

“Anthu angati aiona?” ndinafunsa mdzukulu wanga. Mawu anali aang'ono, ngati a munthu wina.

Anati ambiri. Anati makasitomala ake akhala akuuzana kuti ndi yoopsa kwambiri, aliyense aione, ndipo ena amafunsana ngati mkulu uja akuchita sewero kapena anangomujambula ali pantchito yake. Iye ankangoluka tsitsi, osanena kuti ndi agogo ake. Atanena zimenezo analira.

Alamu anayamba kupemphera chapansipansi. Sindikudziwa ngati ankandipempherera ine kapena ankadzitchinjiriza kwa ine, ndipo sindinafunse.

Kuseri kwa mpanda tinamva kamwana kodwala kaja kakulira, kulira kofooka. Kenako mawu a mayi wake, okwera, akukangana ndi apongozi ake m'Chishona. Sindinamve zonse. Ndinamva “mbale”, ndinamva “kudya ikoko”, kudya kumeneko, kutanthauza kwathu. Tsiku lililonse limene kamwanako kanakhala pamwendo panga, ine n'kumakanyemera mbatata, linasanduka mlandu.

Mwana wanga anaimirira. Anazimitsa kanema, navala nsapato, n'kupita kwa mnzanga uja. Ine ndinatsala pansi pomwe paja. Mayi a kunyumba anandipatsa madzi. Ndinkamvetsera phazi lililonse lodutsa mumsewu, ndikuwerengera ngati laima pageti kapena lapitirira. Ndinayesa kupemphera, koma m'mutu munkangobwera nkhope ija ya maso ofiira, ikuseka ndi mano anga.

Anakhalitsa kumeneko. Pobwera dzuwa linali litapendeka. Sanalowe m'nyumba. Ananjuta pafupi nane pakhomo, nandigwira bondo, chinthu chimene sanachitepo chikulireni. Analankhula motsitsa kuti amayi ake asamve.

“Baba, mnzanu akuti iye akudziwa kuti ndi filimu chabe. Koma mayi a mwana sakumva zimenezo. Mawa m'mawa akupita naye kwa mneneri, ndipo mneneriyo naye ali ndi foni, filimu ija sangaiphonye. Mwana akachira, mubwerera. Nyumbayi ndi yanu, sithawa. Koma lero mukagona kwathu ku Seke. Tengani jekete, ndipo titulukire kuseri.”