Chevuda wa ufa wa khobwe

Fungo la kale wokometsera ndiwo akagwera m'mafuta otentha limandibweza ku nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali Sitandade 4, kwathu kufupi ndi Nsaru. Mtedza tinali titakumba, makoko ali mbwee pabwalo. Abambo ankakhalira kugona pamphasa pakhonde, atafunda bulangete, chifukwa ankadwala chifuwa chachikulu. Mankhwala anawatsekera kukhosi. Phala ankalibweza, mbatata ankangoiyang'ana, ndipo nkhuku yomwe amayi a Chigwirizano anabweretsa anangoinunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Anamwino anali atawauza amayi poyera kuti mankhwalawa sagwira mwa munthu wosadya.

Tsiku lina amayi ananditenga kupita kutauni kukagulitsa mtedza wa chalimbana wosenda kusitolo ina ya amwenye. Thumba tinalikankhira pansi pa mpando wa minibasi, ine ndili pamiyendo pawo, fumbi likulowa pawindo losatsekeka. M'sitolomo munkanunkhira lubani, anyezi ndi zinthu zina zomwe mphuno yanga sinkazidziwa. Pakauntala panali mabotolo aakulu agalasi. M'botolo lina munali zopindika ngati tinkhata, zofiira, zikudontha madzi a shuga. M'botolo linanso munali timipira tachikasu tonga mazira a nkhanga, ndipo pambali panali samusa m'thireyi. Botolo lakumapeto linali lodzaza ndi timitengo tachikasu tosakaniza ndi mtedza ndi mpunga wophwathalala.

Mwini sitolo anali mayi wa imvi, wa zibangili zolira akamayeza mtedza. Anandiona ndikumeza malovu. "Lawa, mwana, usaope," anatero. Kankhata kaja kanali kozuna mpaka mano anachita dzanzi, zala n'kumatana. Kenako anandithira m'manja timitengo tija, nati dzina lake ndi chevuda. Poyamba ndinamva mchere, kenako kashuga, ndipo ndikuti ndimwetulire, tsabola anandigwira kukhosi. Ndinatsokomola misozi ili mbwembwe, mayi uja akuseka.

Amayi nawo anapatsidwa wawo papepala. Analandira ndi manja awiri, atapinda bondo, koma sanalawe. Kwathu mayi wamkulu satafuna m'sitolo anthu akuona. Anamumanga pa nsonga ya chitenje, ndipo ine njira yonse ndinkayang'ana mfundoyo, ndikudikira kuti aimasula tikafika pa Mpingu. Sanaimasule.

Titafika, anathira chevuda uja m'sosala n'kuika pafupi ndi mutu wa abambo. Patapita nthawi tinamva kukukuta. Abambo anatola kamodzi, kenako kena, kenako anadzuka n'kutsamira khoma. "Amake Malita, zimenezi n'zachiyani kodi? Zandidzutsa lilime." Anamaliza sosala yonse, anapempha madzi, ndipo madzulo amenewo anamwa phala theka la bakuli. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, poti sanandisiyireko.

Tauni inali kutali, choncho amayi anati apanga okha. Kufunsa kapangidwe kake m'sitolo muja anachita manyazi, ndiye anangoganiza monga aliyense wa kwathu akanaganizira: chopangidwa ndi ufa ndiye kuti ndi chimanga. Anakanda ufa woyera ndi kale n'kuponya m'mafuta. Zonse zinamwazikana n'kusanduka matope achikasu, mafuta a sabata yonse n'kuwonongeka. Amayi anakhala pachikuni, akuyang'ana poto. Tsiku limenelo abambo anabwezanso phala.

M'mawa mwake, akuchapa chitenje chija, anapeza kamtengo kamodzi katatsalira m'makwinya a mfundo. Anakatafuna pang'onopang'ono ndi mano akutsogolo, maso atatsinzina. "Ichi si chimanga ayi," anatero. "Chikumveka ngati chipere." Ananyika khobwe, anamuchotsa makoko monga amachitira pophika chipere, n'kumuyanika pamalichero. Wa kuchigayo anakana kugaya, ati adetsa ufa wa anthu ena. Amayi anasinja okha mumtondo, akusefa n'kubwezeramo misere, mpaka m'manja munatuluka matuza. Kenako anatenga chitini cha majarini, anachiboola pansi ndi msomali, anaikamo ufa wokanda uja n'kumakanikiza ndi chipande pamwamba pa poto.

Ndimakumbukirabe timaulusi tachikasu tikutsika m'mabowo aja, tikugwera m'mafuta n'kuyandama osaduka. Amayi sanafuule. Anangoti, "Eya," n'kukonza duku. Anasakaniza ndi mtedza wathu wokazinga, mbuliwuli, mchere, kashuga ndi tsabola wa kambuzi wa kuseri kwa bafa.

Abambo anatafuna nthawi yaitali, akupukusa mutu. "Wa amwenye uja anali waulemu," anatero, "koma uyu akuluma ngati mwini wake."

"Idyani, musandiyambe," anayankha amayi, koma ndinaona akubisa kuseka ndi chitenje.

Kuyambira pamenepo, chakudya chilichonse chinkayamba ndi sosala ija. Abambo akatafuna pang'ono, njira inkatseguka, zina n'kutsatira. Ine ndinkapatsidwa zoduka zotsalira pansi pa poto, ndipo kusukulu ndinkayenda khosi lili m'mwamba, ndikuwauza anzanga kuti kwathu timadya za amwenye. Mphepo ya fumbi itayamba, abambo anafika kudimba ndi ndodo. Mvula isanagwe anamaliza mankhwala, ndodo ija n'kuisiya, khasu lili paphewa.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti amayi anavutika chonchija chifukwa anandimva ndikulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinkanyada kuti ndine mwana wokondedwa kuposa onse a m'mudzi. Mwezi watha mwana wanga Yamikani anadwala malungo n'kumakana chilichonse. Ndinadzipeza ndikuboola chitini ndi msomali, maso ali pakamwa pake, ndikudikira kumva kukukuta. Apo m'pomwe ndinadziwa chimene amayi ankayang'ana m'poto muja tsiku lomwe ufa unamwazika. Kunyada kwanga sikunachepe, kunangosamukira kwa iwo.