Daudi wafika pa wilutcheya

Salaam nonse. Amalume a Jafali ndi amene atiwonongera Daudi. Mng'ono wangayu asanapite kusukulu ku India, adokotala anamuuza kuti abayitse katemera wa matenda otupitsa ubongo, ochokera ku udzudzu wa kumeneko. Amalume anangoseka: "Mwana wa ku Lirangwe, wokulira m'malungo, aziopa udzudzu?" Daudi anawamvera, n'kupita osabayitsa.

Lero takamulandira ku Chileka. Watsika ndege pa wilutcheya, dovu likuyenderera pachibwano. Amayi amuitana dzina, iye wangowayang'ana ngati mlendo.

Amalume akuti ndi kufuna kwa Mulungu. Amene akuona kuti ndalakwa anene, koma sindipepesa. Amalumewo ndawauza pamaso pa anthu onse: "Mulungu anatumiza dokotala, inu munamuseka. Kuyambira mawa muzibwera kudzamusambitsa ndinu."