Luzi la Mfundo Ziwiri

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kuja n'kudzuka, chifukwa tulo ndinangobako pang'ono nditatsamira khoma. M'nyumba ya amai munali mutadzaza azimayi, ena atagona chokhala, ena akung'ung'udzabe nyimbo yomwe tinachezera nayo pamaliro awo. Kunali kuzizira kwa Juni, kuja kolowa m'mafupa. Panja azibambo anali ataunjikana pachikuni chimodzi, ndipo kuseri kwa nkhokwe nyemba zinali kale pamafuwa.

Amai anafika kuno ku Nyampande pothawa nkhondo ya ku Mozambiki atandigwira dzanja. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala. Msilikali sankafuna ngakhale kumuona, ndiye ine mwana wawo mmodzi yekhayo ndinakakwatiwa ndi msilikali. Zaka zinayi zonse sanalankhule naye mwamuna wanga. Anthu ankati ndi ulemu wa apongozi ndi mkamwini, koma ine ndinkadziwa kuti ndi mantha osakanikirana ndi mkwiyo. Pomutchula ankangoti amajombo aja.

Atatumizidwa kukasungitsa mtendere kudziko lakutali la mvula yosakata, mwamuna wanga analemba kuti anyamata mapazi akuwola m'jombo. Ndinawawerengera amai kalatayo. Sabata yotsatira ndinawapeza pakhonde ndi azimayi a kutchalitchi, akumasula majuzi a salaula, ovalidwa kale aja, ogula pamsika wa Petauke n'kumaluka masokosi ndi masipoku a njinga onola pamwala. Katundu woyamba anapita, wachiwiri anapita, wa asilikali amene sankawadziwa n'komwe. Wachitatu ankayenera kunyamuka tsiku lotsatira maliro awo.

Kutayamba kuyera, tikukonza m'chipinda kuti bokosi lilowe, ndinapeza chitini pansi pa bedi. Munali sokosi imodzi yotha, yokhuthala kuposa zonse zomwe analukapo, ndi inzake yolekezera pachidendene, masipoku akadali momwemo. Pansi pake panali luzi la mfundo ziwiri.

Luzilo ndinkalidziwa. Mmawa umene mwamuna wanga ankanyamuka kunali kutagwa mvula, ndipo anapita kukhola wopanda nsapato. Ndinawapeza amai atawerama pamalo pamene iye anaponda, luzi lili m'manja. Kwathu kuno munthu wowerama paphazi la mnzake timadziwa zomwe akufuna. Ine pakamwa sindichedwa. Ndinawakalipira kuti akutapa phazi la mwamuna wanga kuti asabwereko, ndipo iwo anangodzuka n'kulowa m'nyumba. Choipa kwambiri n'chakuti ndikumuperekeza mwamuna wanga kumsewu ndinamuuza. Anakwera basi akukhulupirira kuti apongozi ake akumufunira imfa.

Ndinali ndikadali chogwada pamene amalume, mlongo wawo wa amai, analowa. Anayang'ana m'chitinimo nati zonsezo zilowe m'bokosi.

“Nchito yosatha sitisiya panja,” anatero. “Mwini wake azabwela kuzaimaliza.”

Sanali kunena mwankhanza. Ndi mwambo umene anabwera nawo, ndipo mlongo wawo ankamukonda. Koma masokosiwo akanapita m'manda, mwamuna wanga akanatsala ndi bodza langa moyo wake wonse. Ndinafuna kuyankha, koma mwana wamasiye satsutsana ndi amalume ake mtembo uli m'nyumba. Ndinangolira.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa gulu lolukalo, mkazi wa mphunzitsi wochokera kumpoto, wolankhula Chinyanja chake chopindika. Anagwada pakhomo nawomba m'manja.

“Bambo, nanga tikaisiliza lelo, bokosi likalibe kunyamuka, azabwelela chani?”

Amalume anasuzumira panja n'kuyang'ana kumwamba. Kenaka anati dzuwa likangopendeka tinyamuka, yatha kapena sinathe.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Ena anabwera pangolo kuchokera ku Sasare, fumbi lili mbuu kumaso. Ena anatsika lole ya ku Nyimba atasenza nkhuni ndi timatumba ta ufa. Panabwera azimayi atatu amene sindinawaonepo, ndipo pondipatsa moni anati ana awo ali kunja komweko kuli mwamuna wanga ndipo masokosi a amai anawalandira. Mphepo inkaulutsa utsi kulowetsa m'khamu, anthu n'kumapukuta maso, olira ndi osalira omwe.

Pamaliro sagwira ntchito ya manja, choncho sokosiyo inkayenda mobisa. Azimayi a gululo anakhala mondondozana kukhoma, chitenje chili pamiyendo, manja ali pansi pake. Wina akaluka mizere ingapo ankapatsira mnzake ngati akupatsirana fodya. Agogo ena osaona bwino anaumirira kuti nawonso alukeko, ndipo anagwetsa maso awiri a ulusi, mnzawo n'kuwatolera mosadandaula. Ine sanandilole.

Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Abusa analalikira, anapemphera, natseka buku. Sokosi inali isanafike kuzala. Apo mayi wa kumpoto uja anayang'ana wotsogolera kwaya, ndipo kwaya inayambanso nyimbo yomwe inali itangotha kumene. Inatha, anayambanso. Abusa anatukula nsidze. Amalume anayang'ana dzuwa, lomwe linali litapendeka ndithu, kenaka anaweramitsa mutu n'kuyamba kuyimba nawo. Ndinawakonda kwambiri amalume nthawi imeneyo.

Pakati pa ulendo wachinayi wa nyimboyo ndinamva kanthu kofunda kakulowetsedwa m'dzanja langa. Inali sokosi ija, itatha. Masipoku anawapereka kwa amalume, ndipo iwo anawaika m'bokosi pambali pa dzanja lamanja la amai. Atatero anakhomerera chivundikiro.

Tinayenda pang'onopang'ono kudutsa m'minda yokololedwa, mapesi akuthetheka kumapazi. Azibambo ankalandirana bokosi osaliika pansi. Malo amene akanagwira mkamwini anagwira mnansi wathu, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalira mokweza, kulirira amai ndi mwamuna wanga pamodzi. Uthenga tinali titatumiza kudzera kwa akuluakulu ake, koma sitinkadziwa ngati unamufika. Kumanda sikunachedwe. Dothi linali louma, ndipo fumbi lake linatikhala m'tsitsi tonse.

Pofika madzulo ngolo zinali zitapita, moto wa kuseri utasanduka phulusa. Amalume anagona pampando panja, chipewa chili kumaso. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopinda. Ndinakhala pakhonde, pamalo pa amai, n'kutulutsa masokosi aja. Yoyamba inali yosalala ngati yogula. Yachiwiri, kuyambira pachidendene, inali pena yothina pena yotayirira, dzanja lililonse likuoneka pake. Ndinaiyala pabondo n'kutambasula luzi pamwamba pake. Mfundo ina inagwa pachidendene, ina pachala chachikulu, ndendende.

Ndinakulunga luzilo n'kulilowetsa m'sokosi ya manja ambiriyo. Kenaka ndinang'amba pepala m'kope, kuwala kusanathe, kuti kalata ya kwa mwamuna wanga ipite ndi katundu wa mmawa. Za matenda ndi za maliro ndinalemba pambuyo. Poyamba penipeni ndinalemba kuti: Bambo, tsiku lija ndinakunamizani. Amai sankatapa phazi lanu. Ankaliyeza.